Nkhope ya Telo pa Kamalaya Kachikasu

Mu San Pedro monse, kuyambira kudoko mpaka kumene minda ya nzimbe imayambira, munalibe munthu womata chithunzi pa nsalu ngati Eleuterio Peguero, amene aliyense ankangomuti Telo. Ena amamata, inu n'kuchapa kawiri, chithunzi chija n'kuyamba kufundula ngati njoka. Osati Telo. Chimene Telo wamata, chamatika basi. Malaya adzatha, adzasanduka chokolopera, koma chithunzicho chidzakhala chikukuyang'ananibe pansi pomwe mukukolopapo. Iye mwini ankanena zimenezi mokuwa, uku akumenyetsa domino pa tebulo la pagolosale, ndipo panalibe womutsutsa chifukwa zinali zoona.

Nanga akanalekeranji kudzitama? Munthu anachoka m'tauni muno atavala nsapato zobwereka. Anaphikira amalinyero m'sitima ya ku Curaçao, anagulitsa maambulera pa mvula ya ku New York, anagona m'chipinda chapansi ku Bronx, mu New York momwemo, pamodzi ndi makoswe aakulu ngati amphaka, ndipo n'komweko kumene anaphunzira ntchito yakeyi, ndi simbi yachikale ndi tebulo lopendekeka. Anabwerera kwawo ali ndi dzino lagolide, mimba yaulemu ndi galimoto yofiira. Tsopano anali ndi masitolo atatu. Matimu a mpira wa besibo ankavala malaya ochokera kwa iye. Ofedwa ankabwera kudzamatitsa nkhope za malemu awo. Andale a mbali zonse ankamupeza, iye n'kumawalonjeza onse kuti apambana.

Chimene ndalama zake zinalephera kugula anali mawu amodzi okha a pakamwa pa mwana wake. Yudelka anabadwa Telo atachoka kale. Mkazi wake Amparo anamusiya ali ndi pathupi, n'kumulonjeza kuti abwera Khirisimasi isanafike. Makhirisimasi anadutsa ambirimbiri. Pamene ankabwera kudzakhazikika, Amparo anali atagona kale kumanda, ndipo mwana uja anali namwali wamkulu, woleredwa ndi mayi ake aakulu, a Fredesvinda, amene onse ankawatchula kuti a Vinda. Yudelka sankamuchitira mwano Telo. Ankamulonjera bwinobwino, kumupatsa mpando, kumuthirira khofi. Koma ankamutchula kuti "a Peguero," ngati mmene umatchulira mwini nyumba wodzatolera lendi. Mawu akuti "bambo" sanatulukepo n'kamodzi komwe.

Tsopano Yudelka anali woyembekezera, mwezi wake uli pafupi, ndipo Telo anaona kuti khomo limene linam'tsekekera monga bambo likhoza kum'tsegukira monga agogo.

Nkhani yabwino inabwera ndi Wilkin, mwamuna wa Yudelka, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto. Anaimika njinga pafupi ndi tebulo la domino osazimitsa injini.

"Apongozi, ndakugwirirani ntchito. Wavomera."

"Wavomera chiyani?"

"Kuti tsiku lotuluka m'chipatala mudzatitenge inuyo pa galimoto yanuyo. Koma akuti musadzaimbe hutala, ndiponso musadzabwere ndi oimba."

"Oimba awiri okha, wa ng'oma ndi wa kodiyoni."

"Ngakhale mmodzi, apongozi. Ndalumbira m'malo mwanu."

Telo anaimirira, mpando n'kugwera kumbuyo. Anagulira mowa aliyense amene anali pagolosalepo, ngakhale mlonda wa kubanki amene ankangodutsa. "Mwamva inu agalu opanda zidzukulu? Mdzukulu wa Telo adzatuluka ngati mwana wa kazembe!"

Lamlungu anafika kunyumba kwa a Vinda, kumene Yudelka ndi Wilkin ankakhala, atanyamula matumba m'manja monse. Anakhuthulira pa sofa: zipewa, masokosi, matewera, timabulangete, ndi suti yachikasu yonyezimira yokhala ndi tayi wake. Paja mwana wotuluka m'chipatala amavala chikasu kuti mwayi umutsate, zimenezo ngakhale Telo ankazidziwa.

A Vinda anatuluka kukhitchini akupukuta manja, n'kuyang'ana mulu uja pamwamba pa magalasi awo.

"Alamu, mwanayu ndi mmodzi. Si timu ya besibo."

"Mmodzi yemweyo azisintha ngati woimba, mlamu wanga wokongola."

"Kukongola kwanga kusiyeni, munakuona mochedwa. Tayi ameneyu akupita kubanki kukapempha ngongole?"

Yudelka anaseka pang'ono. Mtsikanayo anali atakhala pa mpando wogwedera, mapazi otupa ali m'beseni. Anatola suti ija, n'kuisisita, n'kuibwezera pa mulu.

"Zikomo, a Peguero. Matewera ndi mabulangete tigwiritsa ntchito. Koma chachikasu chilipo kale."

"Chili kuti? Ndichione."

"Mudzachiona pa tsikulo," anatero a Vinda. "Bwerani mudye, nthochi zikuzizira."

Anadya nthochi zopota ndi anyezi wokazinga, Telo akusimba za chipale chofewa cha ku New York chimene chinakwirira basi yathunthu, a Vinda akumuuza kuti chaka chatha basiyo inali takisi.

Lachisanu lotsatira amayi awiriwo anapita kusikelo. Telo anali atalonjeza kudzakhoma fani m'chipinda cha mwana, ndipo Wilkin anamusiyira kiyi pansi pa mphika wa maluwa. Fani inakhomeka msanga. Atatuluka kuseri kukasamba m'manja, anaona pa chingwe timalaya tating'ono tikuuma. Tingapo tinali toyera, kamodzi kachikasu.

Anayandikira n'kukagwira kachikasuko.  Nsalu yake inali yopyapyala ngati khungu la anyezi, chikasu chake chofwifwa, ndipo kankanunkhabe timibulu tothamangitsa njenjete ngakhale kanali katachapidwa. Panalibe duwa, panalibe kambalame, panalibe dzina la kampani pakhosi. Anatembenuza mpendero n'kuona kuti kanasokedwa pamanja, timisoko ting'onoting'ono ngati mapazi a nyerere.

"Kaunjika," anadziuza yekha. "Kaunjika wa munthu amene analibe ngakhale makina."

Ndiye chimenechi n'chimene ankamubisira? Mwana wake wakana suti yatsopano chifukwa cha kunyada, n'kukatola nsanza kumsika kuti asaoneke ngati akudya za bambo ake. Telo sanakwiye. Anamva chisoni, kenako nzeru inamubwerera. Zogula wazikana, chabwino. Koma za manja ake sangazikane. Zimenezi sazipereka kwa antchito ake a kusitolo, kapena ku makina aakulu aja opanikiza ngati nsagwada za ng'ona. Azipanga yekha, kunyumba, pa tebulo, ndi simbi, ngati mmene anayambira.

Anaanula timalaya tonse n'kutiika m'thumba la malaya ake ndi m'chipewa, n'kuthamangira kwake.

Zithunzi anasankha yekha pa kompyuta. Kangalawa ka matanga. Ndodo ya besibo ndi mpira wake. Mbalame ya mlomo wofiira. Mtengo wa kokonati. Anazisindikiza pa pepala lomatira, lofewa lija la mtengo wapatali, losakanda khungu la khanda. Anasindikiza chotembenuza ngati mmene zimaonekera pagalasi, kuti zikagona pa nsalu ziwongoke. Kenako anatenga sizasi n'kudula chithunzi chilichonse motsata m'mbali mwake, ngodya zonse akuzizunguliza, chifukwa ngodya yosongoka ndi imene imayamba kunyamuka.

Magetsi anathima, monga mwa masiku onse. Telo anatukwana kampani yake, makolo ake ndi mitengo yake yomwe, n'kukaliza jenereta.

Anakhuthula madzi onse a m'simbi, pakuti nthunzi ndi mdani wa ntchito imeneyi. Thabwa lositira sanalifune, limalobodoka. Anayala pilokesi pa tebulo la khitchini, n'kuyamba wasita kamalaya koyera kuti chinyontho chichoke. Anagoneka pepala chafufumimba, n'kutsamira pa simbi ndi thupi lake lonse, mimba ndi dzino lagolide zomwe. Sankatsetsereka nayo ngati wosita thalauza ayi. Ankapanikiza, n'kunyamula, n'kupanikiza pena, m'mbali kawirikawiri. Thukuta linkadontha pa tebulo. Atadikira kuti pepala lizizire pang'ono, anagwira nsonga n'kusenda pang'onopang'ono. Kangalawa kanatsala pa nsalu kakuwala, ngati kanalukidwira momwemo.

"Telo, mwana wa mayi ako," anadzitamanda. "Manja awa sanaiwale."

Anaimba nyimbo. Anavina ndi simbi m'manja. Kamalaya kalikonse kanalandira chithunzi chake.

Kachikasu anakasiya komaliza, ndipo anakasungira chithunzi chimene ankachikonda koposa zonse: iye mwini ali pa mlatho ku New York, atavala chipewa choyera, akuseka mano onse kunja. Pansi pake analembapo kuti "Mdzukulu wa Telo." Nsalu yakaleyo inamuopsa pang'ono, ndiye anachepetsa moto n'kuwonjezera nthawi. Atasenda pepala anapsompsona zala zake. Pa zaka zonse za ntchito yake sanamatepo bwino chonchi. Nkhope ija inadzaza pachifuwa ponse pa kamalayako, kuchokera kukhosi mpaka kumchombo.

Anabwerera amayi aja asanafike. Anayala timalaya pa bedi la Yudelka, kachikasu pakati, n'kukakhala pabalaza atapingasa miyendo, akuyesetsa kubisa kumwetulira.

A Vinda analowera kuseri, ndipo mawu awo anamveka asanaoneke.

"Yudelka! Pachingwe palibe kanthu! Atibera!"

"Palibe wakuba, mlamu," Telo anakuwa. "Kalowe kuchipinda, mwana wanga. Kaone zimene kaunjika wako wasanduka."

Yudelka analowa atagwira msana. A Vinda anamutsatira. Telo anaima pakhomo la chipindacho akudikira kukuwa kwa chimwemwe.



Yudelka anakhala pamphepete pa bedi. Anatola kamalaya kachikasu n'kukayala pa mimba yake. Anayendetsa chala pa nkhope ija, n'kuyesa kukanda m'mbali ndi chikhadabo. Sipananyamuke ngakhale pang'ono.

"Ndi pepala lofewa," Telo anatero. "Silikanda. Ukhoza kuchapa tsiku ndi tsiku."

"Mayi Maria ndithandizeni," a Vinda ananong'ona, n'kuvula magalasi. "Eleuterio, mwachita chiyani?"

Dzina lonselo linamuziziritsa. Palibe amene analitchulapo chimwalirireni mayi ake.

"Ndakongoletsa. Tinali topanda kanthu. Ndimati mdzukulu wanga asatuluke ndi nsanza za kumsika."

"Nsanza za kumsika." A Vinda anabwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Amparo anasoka timeneti. Anasoka atakhala pa khonde limene mwadutsapoli, mimba ili apa, maso ali kumsewu. Ankati inu mukabwera mudzapeze zonse zakonzeka. Yudelka anatuluka m'chipatala atavala kachikasu komweko. Ndinamunyamula ndine, pa basi, chifukwa mayi ake sankatha kuima. Ndakhala ndikutisunga m'chitini cha mabisiketi, ndikutibisa kwa njenjete, kwa mphemvu, kwa madzi a namondwe amene analowa m'nyumba muno mpaka m'mawondo. Ndinaiwala kutibisa kwa inu."

 Telo, munthu amene anagulitsapo ambulera kwa wapolisi amene ankamuthamangitsa, anayang'ana pansi.

"Sindimadziwa," anatero.

"Mukanadziwa bwanji?" Yudelka anayankha osadzutsa mutu. Mawu ake anali ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunkapweteka. "Aliyense wa mumsewu uno amakadziwa kamalaya aka. Pa chithunzi chili pabalazapo ndavala komweka. Mwakhala pansi pa chithunzicho Lamlungu lililonse, mukusimba za chipale."

Telo anacheuka. Pamwamba pa sofa panali chithunzi chofwifwa, Amparo wowonda atanyamula khanda. Ankachiona nthawi zonse, koma ankachidutsa msanga ndi maso, ngati mmene umadutsira nyumba ya munthu amene unamulakwira.

"A Peguero," anatero Yudelka, "chotsani."

"Mwana wanga, zimenezi..."

"Chotsani nkhope yanu pa malaya a mayi anga."

"Sizichoka."

"Ndikudziwa. Tauni yonse imadziwa."

Telo anapempha kuti atenge timalayato akayese kuchotsa zithunzizo. A Vinda anakumbatira kachikasu pachifuwa. "Aka sikatulukanso m'nyumba muno." Anamuponyera kamodzi koyera, ka kangalawa kaja.

M'mawa mwake Telo sanatsegule sitolo. Anakhala pa tebulo lomwe lija ndi simbi yomwe ija. Anatembenuza kamalaya n'kutenthetsa kumbuyo kwa chithunzi kuti ulimbo ufewe. Anakanda ndi mpeni wosathwa. Anathira sipiriti. Anaimbira foni mnzake wakale wa ku Bronx, amene anamuseka n'kumuuza kuti, "Iwe Telo, si iwe unkati zako sizichoka?" Tanga limodzi la kangalawa linanyamuka tizidutswatizidutswa, n'kusiya banga lolimba ngati chipsera. Atakoka mwamphamvu pang'ono, nsalu inalira, chala chake chachikulu n'kutulukira mbali ina.

Anakhala akuyang'ana chala chakecho chili m'bowo. Kenako anayang'ana mpendero, timisoko tija. Anayesa kuganiza za Amparo akusoka, koma nkhope yake sinabwere bwinobwino. Chimene chinabwera chinali dzanja lake lokha, lili ndi chipsera cha mafuta pafupi ndi chala chaching'ono, likumukonzera kolala tsiku limene ankanyamuka. Telo anazimitsa simbi.

Sabata yotsatira sanapite ku domino. Anatumiza maluwa, anabwezedwa. Anatumiza bedi la mwana lokhala ndi neti, linalandiridwa popanda mawu. Kenako Wilkin anaimba foni m'mamawa.

"Apongozi, wachira. Mtsikana. Onse ali bwino."

"Mulungu ndi wamkulu! Akufanana ndi ndani?"

"Akufanana ndi mbatata, apongozi, koma mbatata yokongola."

"Nanga za galimoto? Atuluka liti?"

Wilkin anakhosomola. "Mawa. Za galimoto sananene kanthu."

"Sananene kuti ayi?"

"Sananene kanthu."

Telo anatsuka galimoto yekha, mpaka matayala. Anachotsa timafano ndi timbendera tolendewera pagalasi. Anavala malaya oyera opanda chithunzi chilichonse, amene anachita kukagula, chifukwa m'nyumba mwake munalibe otero. Anaimika galimoto pansi pa mtengo moyang'anizana ndi geti la chipatala. Sanaimbe hutala. Sanabwere ndi oimba. Mayi wogulitsa malalanje pagetipo anamufunsa ngati wabwera kudzatenga maliro, poona mmene anaimira.

Dzuwa litakwera anatuluka. Wilkin anali patsogolo ndi chikwama, a Vinda ndi ambulera, Yudelka pakati akuyenda pang'onopang'ono, atanyamula kamtolo. Telo anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto n'kuima pambali pake ngati dalaivala wa bwana.

Yudelka anamuona. Anaima kanthawi, kenako anawoloka msewu n'kubwera.  Mtsikanayo anafunyulula bulangete pang'ono.

Kankhope kofiira, kamphuno kophwatalala, timanja tofumbata. Ndipo mwanayo anavala kamalaya kachikasu kaja. Mikono inali yomwe ija, khosi lomwe lija, timisoko ta Amparo tikuzungulira mpendero. Koma pachifuwa ponse panali chigamba cha nsalu ina, chikasu chake chowala kwambiri, chosagwirizana ndi chinzake, chosokedwa ndi manja a munthu wa maso otopa.

"Mwamuona," anatero Yudelka.

"Ndi wokongola. Mwana wanga, ndi wokongola kwambiri." Telo anatambasula manja pang'ono, koma kamtoloko sikanasunthe. Manja aja anawabweza n'kuwaika m'thumba. "Dzina lake ndani?"

"Tidzakuuzani."

"Galimoto nayi. Ndaika pilo."

"Tapangana kale ndi a Nicanor."

A Nicanor anali oyandikana nawo nyumba, a takisi yakale yomwe chitseko chake ankamanga ndi waya. Anali ataima kutsogolo pang'ono, injini ikutsokomola. Yudelka anafunditsanso mwana n'kutembenuka. Wilkin anayang'ana apongozi ake, n'kukweza mapewa mopepesa, n'kutsatira mkazi wake.

A Vinda anatsalira. Anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa kansalu kodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Anakaika m'dzanja la Telo n'kulifumbatitsa.

"Zanu izi, alamu. Sitinafune kutaya, mwina n'kukhala tsoka."

Takisi itakhota pakona, Telo anatambasula dzanja. Nkhope yake inali kumuseka, chipewa choyera, mano onse kunja. Sinakandike ngakhale pamodzi.

Anapirira masiku angapo, kenako analephera. Anapita masana, nthawi imene ankadziwa kuti Yudelka ndi mwana agona, n'kuzungulira kuseri. A Vinda anali atakhala pa mpando wamfupi akusenda chinangwa. Pa chingwe panali matewera amene iye anagula, ndipo zimenezo zinamupatsa kamphamvu pang'ono.

"Mlamu."

"Tsitsani mawu. Amene muwadzutse mukawagoneka nokha, ndipo simuloledwa kulowa."

Telo anakhala pa chidebe chovundikira. Chidebecho chinadandaula.

"Ndiuzeni chochita. Chilichonse. Ndimanga chipinda china. Ndimugulira Wilkin galimoto asiye kabaza. Mwanayu ndimulipirira sukulu mpaka akhale dokotala. Kumanda kwa Amparo ndiikako mwala wonyezimira, wa ku Italy, wokhala ndi..."

"Wokhala ndi nkhope yanu?"



A Vinda anaponya chinangwa m'beseni, madzi n'kuthovoka. "Vuto lanu, Eleuterio, mukaona malo opanda kanthu mumaganiza kuti akudikira inuyo. Malo ena ndi opanda kanthu chifukwa mwini wake anachoka."

"Ndiye ndingotani? Ndizingokhala?"

"Za Yudelka sindingakugulitseni, si zanga. Mwina adzafewa, mwina ayi. Mayi ake anali wofewa, ndipo taonani kumene zinamufikitsa." Anatola chinangwa china, n'kuchiyang'ana, n'kuchibweza. "Koma poti mwabwera ndi chikwama chotupa, zanga zilipo. Nsalu ija ndinagula ndine."

"Nsalu iti?"

"Ya timalaya tija, yoyera ndi yachikasu, ndi ulusi womwe. Amparo analibe kalikonse. Tinapita limodzi kusitolo, iye n'kusankha, ine n'kulipira ndi ndalama zanga zochapira anthu zovala. Ndinamuuza kuti ndi mphatso. Anakana. Anati, 'Ayi achemwali, mwana ali ndi bambo ake. Telo akatumiza ndalama adzakubwezerani.' Ankanena zimenezo mutu uli m'mwamba, pamaso pa mwini sitolo. Sindinafune kumuchititsa manyazi, ndiye ndinavomera kuti ndi ngongole yanu."

 Dzanja la Telo linali kale m'thumba. Anatulutsa mpukutu wa ndalama zamapepala n'kuyamba kusolola za masauzande, imodzi, ziwiri, zitatu.

"Bwezani zimenezo."

"Mlamu, zaka zonsezi, chiwongoladzanja chake..."

"Sindine katapila. Mchemwali wanga ananena kuti mudzabweza zimene ndinalipira, ndipo ndikufuna mawu ake akhale oona kamodzi kokha pa nkhani ya inu. Mapeso makumi anayi ndi asanu."

"Makumi anayi ndi asanu? Imeneyo ndi ndalama ya botolo la madzi!"

"Nthawi imeneyo inali ndalama ya msana wanga. Muli nayo kapena mulibe?"

Telo anafufuza mpukutu wonse. Anapisa m'matumba a thalauza, akutsogolo ndi akumbuyo, ndi la malaya. Eleuterio Peguero, mwini masitolo atatu, analibe ndalama yaing'ono chotero. Anatambasula ya mapeso zana limodzi imene anaipeza itapindika kuseri kwa laisensi.

"Chenji ndilibe," anatero a Vinda, "ndipo zotsalazo sindikuzifuna."

Telo anadzuka n'kutuluka pa geti lakuseri. Anayenda pansi dzuwa likuswa mtengo mpaka kugolosale ya pakona, kumene anzake a domino anamukuwira kuti agogo atsopano awagulire mowa. Telo anangowadutsa. Anagula bokosi la machesi limene sankalifuna, n'kupempha kuti chenji chake chikhale chachitsulo. Pobwerera anamva kamwana kakulira m'nyumba, ndi mawu a Yudelka akukatonthoza, ndipo anaima paseri pa khoma mpaka kulirako kutatha.

A Vinda anapukuta dzanja pa epuloni n'kulitambasula. Telo anaikamo imodziimodzi: ya makumi awiri ndi asanu, ya khumi, ndi ya khumi inanso. A Vinda anazisuntha ndi chala, n'kugwedeza mutu, n'kuziponya m'thumba la epuloni.

"Makumi anayi ndi asanu," anatero. "Zakwana."